Foni Ikaduka Pakati pa Nkhani

Uthenga wa SMS uli ngati kalata: umasungidwa mpaka mwini wake atayatsa foni. Koma mukaimba nambala monga *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, mumayamba kucheza ndi kompyuta yakutali, iyo kufunsa, inu kuyankha. Akatswiri amati USSD. Tsamba lililonse silipitirira zilembo 182, ndipo mukachedwa kuyankha, kuchezako kumaduka.

Ine ndine kalaliki chabe m'boma, koma madzulo ndimalemba kapulogalamu ka mtunduwu kothandiza banki m'khonde ya kumudzi kwathu. Funso londisowetsa tulo ndi ili: kucheza kukaduka pakati, makinawo akumbukire chiyani?

Kucheza kulikonse kumabwera ndi nambala yakeyake, ndipo kukatha, nambalayo imatha nako. Tsono ndidakonza zoti kompyuta izisunga pamene munthu wafika pogwiritsa ntchito nambala ya foni yake, kuti akaimbanso izimufunsa: "Kodi mupitirize pomwe munalekezera?" Lamulo lachiwiri ndi lakuti ndalama za pempho limodzi zisachotsedwe kawiri, ngakhale netiweki italitumiza mobwereza.

Anzanga kuofesi amati ndikudzivuta, popeza achinyamata amadina mwachangu. Komatu mamembala ambiri ndi amayi achikulire amene amawerenga chilembo chimodzichimodzi, foni ataiyandikiza kumaso. Nthawi yodikira ili m'manja mwa kampani ya foni, sindingaitalikitse. Chimene ndingathe n'kuonetsetsa kuti agogo asayambirenso kasanu posunga K2,000 yawo, mpaka kuchita manyazi n'kupereka nambala yawo yachinsinsi kwa mnyamata wodutsa.