Tsikani basi, kwerani njinga: ulendo wa ku Madzimoyo kudzera kuseri

Inu amene Chipata mumaidziwira pa windo ya basi chabe, tiyeni tikambe zoona. Mukanyamuka ku Lusaka m'mamawa, pofika ku Katete msana wauma, foni yazima, ndipo chomwe maso afuna ni mapiri a Chipata kuti mutsike. Madzimoyo amadutsa ngati mphezi. Ine ndadutsapo kambirimbiri pothamangira mashow, koma kutsikapo ngakhale kamodzi, ayi.

Chinandichititsa manyazi ni TV. Mu July, pa bala ina m'town, bola kunalibe, ndiye anatiikira Tour de France. Anyamata a tumakabudula tothina akupalasa, kamera ili m'mwamba kuonetsa midzi, minda ndi matchalitchi akale. Mnzanga ati, "Azungu ali na malo, iwe." Koma mpikisano uja ni mbali imodzi chabe. Ku France anthu wamba amapalasanso mosathamanga, masiku angapo, m'njira zopanda phokoso ngati Loire à Vélo, imene imatsata mtsinje wa Loire makilomita pafupifupi 900. Amagona m'midzi, amadya za komweko, ndipo amalipira ndalama kuti atope. Tour de France inayamba mu 1903. Mishoni ya Madzimoyo nayonso inatsegulidwa mu 1903. Ndinadzifunsa kuti, nanga ife mudzi wathu wa mbiri yotere timaudutsiranji titagona pa mpando?

Ndiye ndinabwereka njinga.

Manje vuto loyamba silili m'miyendo, lili m'mutu. Chipata ni town ya njinga, aliyense adziwa. Nthawi ya a Kaunda kuno kunali fakitale ya Luangwa Industries, kumene kunkachokera njinga za Eagle, ndipo masiku ano Buffalo ndiyo yadzaza m'midzi. Koma kwathu kuno njinga ni ya nchito. Imanyamula masaka atatu a malasha, mbuzi yomangidwa miyendo, nkhumba ikulira pa kaliyala, mayi ndi mwana kupita ku kiliniki. Iwe wa ma sneakers oyera ukakwera, anthu amaona ngati zavuta. Azakhali anga atandiona ndikupopa tayala anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Mwana wanga, ya basi yasowa? Kamba, nikupatse."

Ndinawauza kuti ndikupita kukayenda chabe. Sanayankhe. Analowa m'nyumba mwa njira ija imene imatanthauza kuti nkhaniyi ifika kwa amayi anga dzuwa lisanalowe.

Nyamukani kusanatenthe, cha m'ma 06:00. Kuchoka m'town kulowera kumadzulo mudzayamba ndi Great East Road, ndipo apa sindikunamizani, si pamasewera. Mathiraki opita ndi kuchokera ku boda ya Mwami akamadutsa, mphepo yake imakukankha ngati munthu. Mabasi a ku Lusaka amaimba hutala ali kale pamsana pako. Tara yokomayo ndiyo yoopsa. Khalani kumanzere kwenikweni, chotsani ma earphone, ndipo mukangopeza mpata, siyani tara.

Mpata wake mudzaupeza bwanji? Palibe chikwangwani, ndipo mapu a pa foni tinjira tambiri satidziwa. Mapu enieni ni anthu a malasha. Nthawi imene inu mukutuluka m'town, iwo akulowa, thukuta lili kamukamu. Onani pamene akutulukira kuthengo kubwera pa tara. Munthu wonyamula masaka atatu sasankha njira ya chitunda, kaili miyendo ni yake. Njira imene iye wadzera ndiyo yosalala kuposa zonse. Mupatseni moni bwinobwino, mufunseni. Adzakuuzani kuti mukhote pa mtengo wa mango, mudutse dambo, mukaona sukulu musalowe kumanja. Mudzasochera ndithu. Ine ndinasochera kawiri, ndipo kawiri konse anandibweza ni ana amene anandithamangira kumbuyo akuseka.

Chakumadzulo kwa town komweku kuli Msekera, malo a boma ofufuzira za ulimi. Ngati munamvapo alimi akutchula nshawa za MGV4 kapena MGV5, "M" ameneyo ni Msekera. Ndatchula izi chifukwa minda imene mudzadutsamo ni ya zomwezo: nshawa, chimanga, thonje, mpendadzuwa, soya. Nshawa zimene mumatafuna pa bala ku Kabwata, mwina zinachokera m'munda umene mukuudutsawo.

Tara ikatsala kumbuyo, chinthu choyamba kuchimva ni kusowa kwa phokoso. Ine munthu wa ma speaker, amene makutu anazolowera kulira mpaka Lolemba, poyamba zinandisokoneza. Kenako makutu anatseguka. Njiwa. Tcheni ya njinga. Mpini wa pampu ya madzi ukugunda patali. Ngolo ya ng'ombe ikubwera, mnyamata akuitana ng'ombe zake maina. M'madimba muli masamba obiriwira ngakhale kwina konse udzu wauma. Pa dambo mchenga umagwira tayala, umatsika n'kukankha, ndipo palibe amene akukuonera kuti akuseke, kupatula ng'ombe.

Munga unandipeza ndisanafike. Tayala lakumbuyo linangoti fwee. Mwamwayi, kuno wokonza njinga sasowa. Ndinakankha pang'ono n'kupeza bambo wina pansi pa mango, ali ndi beseni la madzi, pampu ndi zidutswa za chubu chakale. Anamiza chubu m'madzi, thovu linaonetsa bowo, anapala ndi kamwala, anamata.

"Mupita kuti, a town?"

"Ku Madzimoyo, atate."

"Kuli maliro?"

"Iyai, niyenda chabe."

Anayang'ana kaliyala yopanda katundu, anayang'ana ine. "Kuyenda chabe? Mwakhuta imwe." Anaseka mpaka kutsokomola. Ndalama imene anatchula sinakwane ngakhale botolo limodzi la Mosi. Ndinawonjezera, ndipo inunso mukawonjezere. Amene amatsika mtengo kwa munthu wotere koma pa bala samafunsa chenji, Mulungu akumuona.

Madzimoyo, dzina lokha likukamba: madzi a moyo. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State, ku South Africa, anayamba nchito yawo m'dziko lino ku Magwero mu 1899, ndipo Madzimoyo inatsatira mu 1903. Mpingo umenewo ndiwo lero timautcha Reformed Church in Zambia, RCZ, ngakhale agogo ambiri akali kunena kuti "a Dachi". Inu a ku Lusaka amene mumadutsa pa Justo Mwale University ku Chamba Valley, munadzifunsapo kuti Justo Mwale anali ndani? Anali m'busa woyamba wachikuda wa mpingowu m'dziko lino, ndipo anadzozedwa mu 1929 kuno ku Madzimoyo. Sukulu ya abusa imene lero ili ndi dzina lake inayambira konkuno isanasamukire ku Lusaka. Ganizirani zaka zimenezo, dziko lili m'manja mwa atsamunda, mwana wa kuno akuimirira kutsogolo kwa mpingo. Ine ndinaphunzira utolankhani, mayina a ma DJ ndimawadziwa mpaka a ana awo, koma nkhaniyi ndaidziwa ndili wamkulu kale. Zinandiwawa pang'ono.

Musayembekezere malo a alendo okhala ndi geti ndi matikiti. Pano ni pamudzi pa anthu. Pali tchalitchi, pali sukulu, ana a yunifomu, amayi ogulitsa vitumbuwa ndi nthochi m'mbali mwa msewu. Ndiye khalidwe lanu la m'town mulisiye pa tara. Mukafika pakhomo pa munthu, tsikani njinga, nenani odi. Moni wa kuno sathamangira, mumafunsa za kunyumba, za ana, za thupi. Foni musaitulutse kujambula agogo ngati mwaona nyama ya ku South Luangwa, pemphani kaye. Ndipo mukaona kankhalango ka mitengo yowirira pafupi ndi mudzi pomwe ponse pozungulira ndi minda, musati mwapeza mthunzi wa selfie. Nthawi zambiri amenewo ni manda, ndipo kumanda salowako chisawawa.

Ine anandikhazika pa mpando wa ndalema amayi ena amene ndinawapempha madzi. Anabwera ndi thobwa m'kapu yaikulu. Ndinamwa, ndinatuluka thukuta, ndinamwanso. Anzathu a Chibemba, musayambe: mbewa sanandipatse. Ndinazifunsa ndekha, anati anyamata sanapite kukakumba.

Amene muli ndi miyendo, pitirirani kulowera ku Katete mukaone Mtenguleni. Ambiri timakudziwa tsiku limodzi pa chaka, Loweruka lomaliza la February, pamene Nc'wala imadzaza bwalo, Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni ikulawa zipatso zoyamba za m'munda, impi zikuponda pansi mpaka fumbi. Pitaniko mu June muone. Bwalo lomwelo lili zii, mbuzi zikudya udzu. Mpamene umatha kuganiza bwino za anthu amene anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, ndi za Nsingu, mwana wa Mpezeni woyamba, amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angerezi n'kuphedwa mu 1898. Ku Magwero, kumene kuli masukulu a ana osaona ndi osamva, ndi ku Feni kwa Mpezeni, amenewo ni maulendo a tsiku lina.

Nyengo yabwino ni kuyambira May mpaka August, kukali kozizira ndipo njira zauma. October adzakuwotchani, mvula ikagwa matope adzakulandani nsapato. Tengani madzi okwanira, pampu, ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba, chifukwa mayi wa vitumbuwa sadzadikira kuti network ibwere. Mdima usakupezeni pa Great East Road, njinga zambiri zobwereka zilibe nyali.

Za kubwerera, ndinene zoona popeza ena anandiona. Cha m'ma 15:00 miyendo inakana, ndipo pokhalira panali pakuyaka moto. Ndinaimitsa Canter yonyamula nshawa, njinga pamwamba pa masaka, ine pambali pake. Tinalowa m'town dzuwa likupendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Azakhali anali pakhomo pomwe paja.

"Nanga ku Madzimoyo wabwerako na chani?"

Ndinawapatsa kapepala ka nshawa zokazinga. Anatafuna ziwiri, anayang'ana njinga, ati Loweruka likubwerali ndiwapitire ku Msekera kwa mlamu wawo ndikatenge thumba la chimanga, popeza manje ndine wa njinga.