Mabuleki akamalira, musakweze wailesi

Inu amene mumatsika Khwekhwerere kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti, mabuleki akayamba kulira tswiii, musakweze wailesi. Mapadi ambiri amakhala ndi kachitsulo kamene kamayamba kukanda disiki padi ikatsala pang'ono kutha. Limenelo ndi chenjezo. Mukalinyozera, chitsulo chimadya chitsulo chinzake, mapeto ake mugula ndi disiki yomwe.

Posintha mapadi, sinthani mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, osati kumene kukulira kokha. Amakaniko apukute fumbi, aone ngati disiki yakumbika mizere, abwezeretse timalata ta kumbuyo kwa padi. Girizi ndi wa kumsana kwa padi basi, pang'ono pokha, asafike kumene kumagwira disiki. Musanadzutse galimoto, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe.

Mapadi atsopano amafuna azolowerane ndi disiki. Msewu wa M5 pakati pa Golomoti, Mua ndi Mtakataka ndi wa m'chigwa, ndiye mukhoza kuchitira zimenezi kumeneko. Pezani pamene palibe njinga ndi mbuzi, thamangani pang'ono, pondani mofatsa, siyani zizizire, bwerezaninso.

Potsika phiri ikani giya yaing'ono kuti injini ikuthandizeni. Kutsetsereka pa fulii phazi lili pa buleki kumawotcha mapadi mpaka amasalala ngati galasi. Kulira kuja kumayambiranso, ndipo pa kona yotsatira buleki imakana kugwira. Mukamva fungo la kupserera, imani pambali zizizire. Adalaivala anzanga, timafuta mukupulumutsato sitingagule moyo wa munthu.