"Fine" si moni wokha

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero ndiulule kulakwa kwanga.

Chaka chatha kunabwera mayi wina kusukulu, foni ili m'manja, mwana wake wamkazi akumutsatira atazolika. Bambo a mwanayo amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo sawerenga Chingerezi. Atapatsidwa kalata ina kumeneko, anaijambula n'kuitumiza pa WhatsApp kuti mwana wawo wapasukuluyo awawerengere. Iye anazindikiramo liwu limodzi lokha, fine, n'kuyankha mosangalala kuti, "Ababa, akuti zonse zili bwino." Chonsecho inali kalata ya chindapusa, chimene pa Chipwitikizi timati multa. Tsiku lolipira linadutsa, ndalama zinawonjezekera, mwana n'kukalipiridwa.

"Aphunzitsi, kodi anawa mumawaphunzitsa chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndi ine amene ndinkawaimbitsa I am fine ngati nyimbo ya m'mawa, osawauzako n'komwe kuti liwulo lili ndi ntchito zina.

Ndipotu zilipo zambiri. Ufa wosefedwa bwino, wosalala m'manja, ndi fine. Ulusi wopyapyala ndi fine. Kunja kukacha bwino, kopanda mvula, amatinso fine. Munthu wokwiya akalitchula molimba, "Fine!", musasangalale. Ndi "Chabwino!" uja amanena agogo akatopa kukulangizani.

Madzulo ake ndinatsegula dikishonale, ndipo zimene ndinapeza zinandisangalatsa ngakhale ndinali ndi manyazi. Fine wa ubwino ndi fine wa chindapusa onse amachokera ku liwu la Chilatini lakuti finis, kutanthauza mapeto, komwenso kunachokera fim wa m'Chipwitikizi. Chinthu chomalizidwa bwino chimakhala chokongola, ndipo ndalama yolipira mlandu ndi imene imauthetsa.

M'mawa mwake sindinayambe ndi Chingerezi ayi. Ndinalemba pabolodi liwu lathu lakuti kutha, n'kuwauza ana kuti aliyense apange chiganizo chake. Manja anali m'mwamba kalasi yonse. Mchere watha. Mlandu watha. Achimwene amatha kusambira. Malaya akutha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anasokonezeka, chifukwa m'chinenero cha amayi awo anawa amadziwa kale kumvetsera mawu oyandikana nalo. Apo m'pamene ndinalemba fine pambali pake.

Mtsikana uja anakweza dzanja pomalizira. Ndinamuloza ndili ndi mantha pang'ono. Anati, "Ndalama za ababa zatha," ndipo iye ndi amene anayamba kuseka.