Bawo ya m'foni yatigawa kumudzi kuno

Lero sindilemba za mvula kapena za feteleza. Ndilemba za nkhani imene yagawa anthu pabwalo lathu la bawo, gemu ya m'foni imene anyamata akuitchula kuti Clash Royale. Akuluakulu ena akuti makolo alande mafoni, ena akuti nkhaniyi ikafike kwa amfumu. Ine ndine mwini mbumba, ndipo ana atatu a alongo anga ali m'gulu la osewerawo. Ndiye ndinati ndisanalankhule ndiyambe ndaimvetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndakhala ndikuonerera ndi kufunsa kuyambira nthawi yokolola, ndipo nazi zimene ndapeza.

Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Supercell ya mumzinda wa Helsinki ku Finland, ndipo inatuluka m'chaka cha 2016. Kwathu kuno inabwera ndi anyamata obwerera kuchokera ku Joni, monga zimabwerera zinthu zambiri kuno ku Machinga. Kuitenga pa intaneti n'kwaulere, koma imafuna bandulo chifukwa umasewera ndi munthu weniweni, mwina ali ku Ulongwe, mwina ali ku Brazil, iwe osamudziwa.

Bwalo lake lili chonchi. Pakati pali mtsinje, monga Shire pa Liwonde, uku Machinga uko Balaka. Pamtsinjepo pali milatho iwiri. Aliyense ali ndi nsanja 3, yaikulu ya mfumu kumbuyo ndi ziwiri zazing'ono kutsogolo. Ukagwetsa ya mfumu wapambana pompo. Apo ayi, pakatha mphindi 3 amawerenga amene wagwetsa nsanja zambiri. Mukafanana amawonjezera nthawi.

Asilikali ako ndi makhadi. Umasankha makhadi 8 musanayambe, koma m'manja umaona 4 okha nthawi imodzi. Khadi ukaliponya limapita kumapeto kwa mzere, ndipo kuti libwerenso uyenera kuponya ena 4. Khadi lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo umalipira ndi chinthu chotchedwa elixir, ine ndimangoti mafuta. Mafutawa amadontha okha pang'onopang'ono ndipo sapitirira 10. Mphindi yomaliza amadontha mofulumira kawiri. Nzeru yonse ya gemuyi yagona pamafuta amenewa.

Chinthu choyamba chimene odziwa amaphunzitsa ndi kugula motchipa. Pali chilombo chachitsulo chotchedwa P.E.K.K.A, mtengo wake 7. Chikamenya chimapweteka, koma chimamenya mmodzimmodzi. Ukachiponyera gulu la mafupa, Skeleton Army, la mtengo 3, amachizinga n'kuchimaliza. Iwe wawononga 3, mnzako 7, watsala ndi phindu la 4 loti ukamuvutitse nalo tsidya lina. Koma naye akakhala wochenjera amasunga chipika, The Log, cha mtengo 2, chimene chimagubuduka n'kuphwanya mafupa onse aja. Palibe khadi lopanda mankhwala ake. Aliyense amene anakhalapo pa bawo akudziwa kale zimenezi: sudya nkhomo usanawerenge kuti mnzako adzakudya zingati pobweza.

Chachiwiri, osathira mafuta onse pamlatho poyamba. Mphwanga wamng'ono uja amakonda zimenezi. Akangoona mafuta adzaza amaponya zonse nthawi imodzi, ndiye mnzake akaziletsa n'kubwera ndi nkhondo yake, iye manja ali lende, akungoonerera nsanja ikugwa. Ndinamuuza kuti, mphwanga, uku n'kubzala mbewu yonse pa mvula ya chizimalupsa. Kuno ku Balaka ndi ku Machinga tikuidziwa mvula yonamiza imeneyi. Imagwa kamodzi, dothi n'kununkhira, wopupuluma n'kukwirira thumba lonse, kenako dzuwa milungu itatu. Mlimi wanzeru amasiyako ina yopakiza.

Chachitatu, makhadi 8 aja azithandizana. Pafunika limodzi logwetsera nsanja, ena oteteza, lina lowombera zouluka, ndi limodzi kapena awiri ophulitsa kutali monga Fireball. Ndinaona mnyamata wina atadzaza makhadi ake ndi zimphona zapansi zokhazokha. Mnzake anangotumiza Balloon, chibaluni choponya mabomba, chinadutsa pamwamba pa zimphona zonse popanda wochikhudza. Akanakhala ndi Musketeer wa mtengo 4 akanachitsitsa. Munda wa chimanga chokhachokha ndi womwewo. Ife amene timasakaniza nandolo, khobwe, mapira ndi chinangwa m'mphepete sitichita zimenezi chifukwa chokonda ntchito. Timadziwa kuti chaka sichiuza munthu.

Pali kanthu kenanso kakang'ono. Nsanja ya mfumu imakhala ili m'tulo poyamba. Ukaiputa ndi moto usanagwetse zazing'ono, imadzuka n'kuyamba kuwombera asilikali ako mpaka gemu kutha. Anyamata amaseka kwambiri munthu wochita zimenezi. Ndinawauza kuti ngakhale kumudzi mlandu umayambira kwa ankhoswe, suthamangira kukadzutsa amfumu.

Tsopano maganizo a osewera eni ake. Ndawamvetsera akukangana pa golosale pamene amatchajitsa mafoni, ndipo ali magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la makhadi olemera. Awa amakonda Golem, chimwala choyenda cha mtengo 8. Amachiika kumbuyo kwenikweni, chikamayenda pang'onopang'ono iwo akusonkhanitsa mafuta oika asilikali pambuyo pake. Amalolera nsanja yawo imenyedweko poyamba, podikira mphindi yomaliza ija. Amati opambana enieni ndi iwo chifukwa amatha kugwetsa nsanja zonse 3. Anzawo amati ameneyu ndi mlimi wa chimanga cha haibridi, akapeza feteleza ndi mvula amadzaza nkhokwe, akaphonya chimodzi chaka chatha.

Gulu lachiwiri ndi la makhadi otchipa. Mtsogoleri wawo ndi Hog Rider, munthu wokwera nguluwe wa mtengo 4, amene amadumpha mtsinje osadzera pamlatho ndipo sasamala za asilikali, amangolunjika pa nyumba. Amamuperekeza ndi timakhadi ta mtengo 1 ndi 2 kuti mzere uzungulire msanga, nguluweyo ibwerenso mnzako asanapeze mankhwala ake, amene kawirikawiri ndi kamzinga kotchedwa Cannon. Awa sagwetsa nsanja kamodzi, amaiswa pang'onopang'ono ngati chiswe. Amadzitama kuti luso lili kwa iwo, ndipo apa ndikuwavomereza, chifukwa ayenera kuwerenga m'mutu makhadi a mnzawo ndi mafuta amene watsala nawo. Koma akangolakwitsa kamodzi, palibe chimphona chowatchinjiriza.

Gulu lachitatu ndi la Mega Knight, chimunthu cha mtengo 7 chimene chimagwa kuchokera kumwamba n'kuphwanya zonse zili pansi. Magulu awiri aja amagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kudana ndi gulu ili. Amati ndi khadi la aulesi, umangoliponya basi. Eni ake amayankha kuti, ngati n'losavuta bwanji simukuliletsa? Ndipo akunena zoona, chifukwa P.E.K.K.A amalithetsa bwinobwino. Wolira kwambiri nthawi zambiri ndi amene sanakonzekere.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Eni gemuyi amasinthasintha mphamvu za makhadi. Khadi limene likuvutitsa anthu amalifooketsa, lofooka amalikweza. Ndiye mnyamata amene wathera miyezi akukweza khadi limodzi amadzuka m'mawa n'kupeza lasanduka mphaka. Alimi a nandolo mukukumbukira 2017? Titaona mtengo wabwino zaka zam'mbuyo tinadzaza minda, kenako dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo unagwa, matumba n'kumafumbwa m'nyumba. Lamulo linasinthidwa ndi anthu akutali amene sanafikepo pa Ntaja kapena pa Phalula. Ndinawauza anyamatawo kuti, kaya m'foni kaya m'munda, usamaike moyo wako wonse pa chinthu chimene mtengo wake amagamula ndi wina.

Ndiye kwa achimwene anga a pabwalo la bawo amene mukuti ndi masewero a zitsiru, ndikupempheni muyambe mwaonerera. Muli masamu, muli kudekha, muli kuwerenga maganizo a mnzako. Mwana amene amatha kusunga m'mutu makhadi 8 a mdani wake si chitsiru ayi.

Koma anyamata, musasangalale msanga, chifukwa mbali inayi ndi yanu.

Pa bawo pali maenje 32 ndi nkhomo 64. Aliyense amayamba ndi 32, kaya ndi mphunzitsi wamkulu kaya ndi wa kabaza. Palibe amene angagule nkhomo ya 33. Ukagonja wagonja ndi mutu wako. M'gemu yanuyi makhadi amakwezedwa mphamvu, ndipo amene ali ndi ndalama amakweza msanga pogula zinthu za m'katimo. Umatha kukumana ndi munthu wa makhadi ofanana ndi ako koma ake ndi amphamvu kuposa, iwe n'kuchita zonse molondola koma n'kugonjabe. Pamenepo mtima umayamba kunong'oneza kuti, nditangogulako kamodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndamva kale anyamata ena akutumiza uthenga kwa azibale awo ku Joni kuti awagulire zimenezi, pamene mayi awo akusowa ya chigayo.

Kusiyana kwina ndi uku. Bawo imatha yokha. Dzuwa likalowa maenje saoneka, anzako amabalalika, iwe umapita kukagona. Foni ili ndi dzuwa lake m'kati. Gemu imodzi ndi mphindi 3 zokha, ndipo msampha wake ndi womwewo, chifukwa palibe amene amaopa mphindi 3. Ukagonja umati ndibwezere, ukapambana umati ndipitirize. Tambala woyamba akulira, mnyamata ali maso. M'mawa khasu likulemera. Panopa n'chilimwe, sizikuoneka kwenikweni. Koma Disembala ndi Januwale akubwera, nthawi imene udzu sudikira munthu. Takumana ndi namondwe Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024, ndipo mabanja ambiri sanadzukebe bwino. Nyumba imene ili ndi anyamata awiri amphamvu koma munda n'kulowa thengo, njala yake idzakhala yoitana yokha.

Za kulanda mafoni ine sindikugwirizana nazo. Foni yomweyo ndi imene timalandirira ndalama, timafunsira mitengo ya ku Liwonde ndi ku Balaka, timamvera za maliro. Ukalanda, mwana amakasewera pa foni ya mnzake, ndipo iwe wataya foni ndi mwana yemwe. Kwathu tinakhala pansi ndi alongo anga ndi ana awo, tinagwirizana zinthu zitatu. Foni sipita kumunda. Ndalama ya bandulo ya gemu ichokere pa ganyu wa mwini wake, osati pa thumba la pakhomo. Ndipo zogula za m'katimo ayi, amene akufuna kutchuka atchuke ndi luso. Wamkulu uja anati, ankolo, ndiye tizigonja kwa ogula. Ndinati, gonjani, nsanja ya m'foni ikagwa imadzukanso pa gemu yotsatira, nkhokwe ikagwa imadikira chaka.

Inu abale a m'tauni ndi a ku Joni, tikuthokoza chifukwa cha mafoni amene mumatumiza, amatithandiza kwambiri. Koma mwana akakupemphani ndalama, yambani mwaimbira mayi ake kapena malume ake, mumve ngati wamaliza mizere yake. Sikuti tikukulamulani pa ndalama zanu, koma inu mumaona uthenga, ife timaona munda.

Pomaliza, Loweruka likubwerali masana tikumana pansi pa mtengo wa mango pabwalo lathu. Anyamata abwere ndi mafoni awo atiphunzitse ife akuluakulu gemu imodziimodzi, tisekedwe ndithu palibe kanthu. Akatha akhale pansi pa bawo, tione ngati a makhadi otchipa aja angathe kuwerenga nkhomo mpaka kuzungulira kawiri. Amene ali ndi bawo yachiwiri abwere nayo, yathu ndi imodzi ndipo anthu achuluka. Amene muli kutali lembani maganizo anu m'munsimu, ndikawawerengera anzanga pabwalopo.