Kalipentala wa ku Domwe ndi choboolera cha batire

Kalipentala wina wa kufupi ndi Domwe, m'boma la Angónia, adagulitsa mbatatesi yonse ya m'dimba mwake kuti agule zida zoyendera batire: choboolera, chomangira masikuluwu, mabatire awiri a 18V ndi chaja. Mphwake wogwira ntchito ku Joni ndiye adabwera nazo.

Anthu adamuseka, poti m'mudzimo mulibe magetsi ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi cha Tete.

Koma mkuluyu adaayamba wafunsa. Adauzidwa kuti batire la Makita silingalowe pa chida cha Bosch, choncho adaitanitsa zonse za kampani imodzi. Adauzidwanso kuti chaja chimafuna magetsi a 220V, ndiye sola payokha popanda inveta siithandiza. Lero batire lina likamagwira ntchito, linzake limakhala pa sola ya mnansi wake amene ali ndi inveta. Saliika padzuwa, pakuti kutentha kumaliononga msanga.

Tsopano oda ya zitseko ikuchokera mpaka ku Ulongwe. Pa chitseko chilichonse amapatulapo ndalama pang'ono, podziwa kuti batire limakalamba ndipo latsopano n'lodula.

Inu ofuna kugula, yambani mwafunsa. Paja safunsa adadya phula.