Madzi obisala m'makina ochapira zovala

Chaka chilichonse ndimaphunzitsa ana a sekondale kuti madzi ali ndi khalidwe lakelake: akazizira kufika pa madigiri 0 n'kuundana, amafufuma m'malo mofota. Malita 100 akaundana amafuna malo a malita pafupifupi 109. Anawo amaloweza n'kukhoza mayeso, koma kwa iwo ndi nkhani ya m'buku basi. Sindiwadzudzula. Kumudzi kwathu kuno chisanu cha mu June chimang'amba milomo ndi zidendene, sichinang'ambepo paipi.

Msuweni wanga amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Chapafupi pali Elkhart, dera lotchuka ndi mafakitale a motorhome. Awa ndi magalimoto aakulu okhala ndi bedi, khitchini ndi bafa, ena mpaka makina ochapa ndi kuumitsa zovala. October akafika, eni ake amawaimika panja kudikira kuti chisanu chidutse, ndipo apa m'pamene msuweni wangayo amapezera ganyu. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti m'galimotomo simunatsale madzi oti n'kuundana.

Akuti thanki sivuta, umangotsegula madzi n'kutuluka. Mapaipi amawapemerera ndi mpweya wa kompulesa. Chovuta ndi makina ochapira aja. Ukasuzumira m'kati mumaoneka mouma, chonsecho pansi pake, mupampu yotulutsa madzi ndi m'timapaipi tolowetsa madzi, mumakhala mutatsala timadzi tosadzaza n'kapu yomwe. Usiku umodzi wozizira kwambiri, timadzi timeneti timaundana n'kung'amba pulasitiki. Palibe amamva. Mwiniwake amadzadziwa mu April, pochapa koyamba, madzi atasefukira pansi ponse.

Mankhwala ake ndi antifreeze wa pinki, wopangidwa ndi propylene glycol. Si uja wa mu injini, ayi: wa mu injini ndi poizoni ndipo saloledwa m'mapaipi a madzi akumwa. Amapopera wa pinkiyu m'mapaipi, n'kuyatsa makina kuti atunge mbali ya madzi otentha ndi ya ozizira yomwe mpaka pinki aoneke m'kati. Kenako amawalamula kukhuthula, kuti mankhwalawo adutse mupampu n'kukankha madzi otsalawo. Akatero amatseka mipopi, chitseko cha makina n'kuchisiya chotsekuka pang'ono kuopa nkhungu. Chimene chimandisangalatsa ine mphunzitsi n'chakuti mankhwalawa kukazizira kwambiri amalimba ndithu ngati phala, koma safufuma moti n'kuswa chinthu.

Mwina wina anena kuti awa ndi mavuto a anthu olemera, oti zovala zimawachapira zokha ali pa ulendo, pamene ife tikulimbana ndi mzere wa pa mjigo. N'zoona. Komatu pampu ikang'ambika chifukwa waganyu anathamanga, mwini galimoto sadzamuitananso, ndipo anzake onse adzamva. Ndalama ya ganyu imeneyi ndi imene ikulipirira fizi ana awiri a malemu achemwali athu, mmodzi mwa iwo ali m'kalasi langa lomwe.

Teremu ino ndapempha mwini golosale ya pamsika, amene ali ndi firiji, kuti andisungire botolo lagalasi lodzaza madzi mpaka kukamwa, lotsekedwa bwino, litakulungidwa m'jumbo. Wavomera, koma wati likakaswera zakumwa zake ndilipira ndine.