Mawu a Makolo m'Makina

Ambiri a inu mudziwa nyumba ya Mulungu ya St Michael and All Angels ku Blantyre, imene Mbusa David Clement Scott anamanga pamodzi ndi anthu a kuno kuyambira 1888 kufikira 1891. Koma owerengeka okha adziwa kuti Mbusa yemweyo anasonkhanitsa mawu a Chimang'anja m'buku lalikulu, losindikizidwa ku Edinburgh m'chaka cha 1892. Bukulo linali losowa. Tsopano masamba ake anajambulidwa, naikidwa pa intaneti, kotero kuti mnyamata wa ku Ndirande akhoza kuliwerenga pa lamya ya m'manja.

Inenso ndinaliwerenga motero, ndipo ndinapezamo mawu amene agogo anga ankanena posinja, amene ana anga ku Bangwe sawamva konse.

Masiku ano kwabweranso makina oyankha mafunso monga munthu, amene achinyamata awatcha AI. Nzeru zawo sizitsika kumwamba ayi. Aphunzira pa zolembedwa zimene azipeza, monga mwana ayamwa chokhacho chili m'bere. M'Chingerezi apeza nkhokwe zodzala, m'chinenero chathu kankhokwe kakang'ono. Google inayamba kumasulira Chichewa m'chaka cha 2014, koma ikakomana ndi mwambi, kawirikawiri iphonya tanthauzo lake.

Chondisautsa mtima ndicho amayi okalamba a ku Chilomoni ndi Machinjiri, odziwa nyimbo za pamtondo ndi nthano za Kalulu zimene palibe anazilemba. Adzukulu awo ali nazo lamya zokhoza kujambula mawu, koma madzulo aonerapo mpira, agogo ali chete pakhonde.